Kafue: Mbiri ya Tauni Imene Inamangidwa pa Malipiro a Fakitale

Tauni ya Kafue ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, kutsidya la kumpoto kwa mtsinje umene inatengako dzina, pamalo pamene madzi oyenda pang'onopang'ono m'dambo lalikulu la Kafue Flats amayamba kupanikizika pakati pa mapiri asanatsetserekere m'chigwembe cha Kafue Gorge. Malo amenewa ndiwo gwero la mbiri yonse ya tauniyi, pakuti wochokera kumwera kulowera pakati pa dziko la Zambia sangachitire mwina koma kuoloka mtsinjewu, ndipo pano ndi pamene dambo losefukira limathera ndi nthaka yolimba kuyandikira madzi. Kwa zaka zoposa 100 chuma chakhala chikudutsa pa Kafue, mkuwa kupita kumwera, katundu wa m'masitolo kupita kumpoto, madzi kupita ku Lusaka, magetsi kupita ku migodi, koma ndi m'nyengo imodzi yokha, ya zaka zopitirira pang'ono 20, pamene boma linayesadi kuti gawo la chumacho likhazikike pompano. Moyo wa anthu a ku Kafue lero sungamveke bwino popanda kudziwa mmene kuyesako kunayambira ndi mmene kunathera.

Asanafike Azungu, dera limeneli linali malire a mitundu ingapo: Asoli kumpoto ndi kum'mawa, amene mfumu yawo yaikulu ndi Nkomeshya, Atonga kutsidya la kumwera, ndi Abatwa amene ankakhala m'madambo nadalira usodzi. Tauniyo inabadwa ndi njanji. Mlatho wa pa Victoria Falls utatha mu 1905, omanga njanji a kampani ya George Pauling anathamangira kumpoto ku mgodi wa Broken Hill, umene lero ndi Kabwe, ndipo mu 1906 anayala pa Kafue mlatho wachitsulo wa zigawo 13, wotalika mamita 427. Pa siteshoni panamera timasitolo, nyumba za antchito a njanji ndi msika wa alimi achizungu a m'mbali mwa njanjiyo. Mu 1918 mmishonale John Fell wa mpingo wa Primitive Methodist anatsegula pafupi ndi pano sukulu ya Kafue Training Institute, imene inaphunzitsa aphunzitsi ndi amisiri, ndipo mmodzi wa ophunzira ake, Harry Mwaanga Nkumbula, anadzatsogolera chipani cha African National Congress. Mlatho wa msewu unadza mochedwa, mu 1949, ndipo zitsulo zake zinali zitagwirapo kale ntchito pa mtsinje wa Thames ku London pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, bungwe la Beit Trust lisanazigule ndi kuzitumiza kuno. Ngakhale zinali choncho, pamene Zambia inkalandira ufulu pa 24 October 1964, Kafue inali kamudzi ka pa siteshoni kamene sitima inkaima kanthawi n'kupitirira.

Chimene chinasintha zinthu chinachokera kutsidya la Zambezi. Pa 11 November 1965 boma la Azungu la Ian Smith linalengeza kuti Rhodesia yadzipatsa ufulu popanda chilolezo cha Britain, ndipo Zambia inapezeka kuti pafupifupi chilichonse chimene inkadalira, malasha a ku Wankie, mafuta a galimoto, nsalu, feteleza, onga wophulitsira miyala m'migodi, chinkachokera kapena kudzera m'dziko limene tsopano linali mdani. Atsamunda anali atakonza chuma cha dera lino kotero kuti kumpoto kuzikumbidwa mkuwa ndipo kumwera kuzipangidwa katundu, choncho kumanga mafakitale kunasanduka nkhani ya chitetezo cha dziko osati ya malonda okha. Boma la Kenneth Kaunda linatsata njira imene akatswiri a zachuma amaitcha kupanga kwanu zimene unkagula kunja, ndiko kuti kumanga mafakitale a m'dziko ndi kuwatchinjiriza ku katundu wakunja pogwiritsa ntchito misonkho ya pa chipata ndi ziphaso zoitanitsira katundu. Dzanja la boma pa ntchitoyi linali kampani ya Industrial Development Corporation, yodziwika kuti Indeco, imene inkatsogoleredwa ndi Andrew Sardanis, ndipo inakula kwambiri pambuyo pa chilengezo cha ku Mulungushi cha April 1968, pamene boma linatenga magawo 51 pa 100 a umwini wa makampani ambiri akuluakulu.

Kafue inasankhidwa chifukwa inali ndi zonse zimene fakitale yaikulu imafuna: madzi osaphwa chaka chonse, njanji yobweretsa malasha kuchokera ku mgodi watsopano wa Maamba, msewu wopita ku Lusaka ndi ku Copperbelt, ndiponso magetsi a pa Kafue Gorge, pamene kampani ya Energoprojekt ya ku Yugoslavia inkamanga damu ndi malo opangira magetsi amene anayamba kugwira ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Fakitale ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene aliyense amangoitchula kuti NCZ kapena Nitrogen, inamangidwa ndi kampani ya Kobe Steel ya ku Japan ndipo inatsegulidwa mu 1970. Ntchito yake inali kutentha malasha kuti atulutse mpweya umene, pouphatikiza ndi nayitrojeni wotengedwa mumlengalenga, umapanga amoniya, ndipo amoniyayo ankasandutsidwa ammonium nitrate, mchere umene umagwira ntchito ziwiri, kudyetsa chimanga m'munda ndi kuphulitsa thanthwe mu mgodi. Pafupi nayo panamangidwa Kafue Textiles of Zambia, kapena kuti KTZ, imene inkapota ulusi, kuluka nsalu ndi kudinda zitenje kuchokera ku thonje la alimi a m'dziko momwemo. Panabweranso fakitale yofufuta zikopa ya kampani ya nsapato ya Bata, ina yopanga yisiti ndi ina yoluka maukonde a asodzi. M'zaka zochepa chabe anthu zikwi zingapo, ochokera m'zigawo zonse za dzikolo, anali pa ntchito yolembedwa, ndipo Chinyanja cha ku Lusaka chinakhala chinenero chokumaniranapo pa msika ndi pa chipata cha fakitale.

Chofunika kuchimvetsa bwino, chifukwa ndicho chinadzakulitsa tsoka la pambuyo pake, ndi chakuti boma silinamange mafakitale okha koma linamanga tauni yathunthu yowazungulira. Pulani yake inajambulidwa ndi kampani ya Constantinos Doxiadis, katswiri wa ku Greece amene anakonzanso Islamabad ku Pakistan ndi Tema ku Ghana, ndipo zotsatira zake ndi dera la Kafue Estates, la misewu yoongoka ndi nyumba zondandalikana m'magawo, lokhala ndi mipopi ya madzi, zimbudzi zogejemula, sukulu ndi malo a masitolo. Nyumbazo zinali m'manja mwa Indeco ndi makampani ake, ndipo munthu ankalowamo chifukwa cha ntchito yake, kukula kwa nyumba kukutsata udindo wake pa fakitale. Lendi inkadulidwa ku malipiro, wodwala ankapita ku kiliniki ya kampani, ndipo ngakhale mpira wa Loweruka unali wa kampani, monga dzina la timu ya Nitrogen Stars likuchitira umboni. Kwa mwana wa mlimi amene anakulira m'nyumba ya udzu, kiyi wa nyumba ya ku Estates anali umboni wogwirika wakuti ufulu wa 1964 unali ndi tanthauzo, ndipo palibe chifukwa chopeputsira chimwemwe chimenecho. Komabe makonzedwewa anali ngati nyumba yotsamira pa mzati umodzi, popeza denga, madzi, mankhwala ndi sukulu ya ana zonse zinkadalira kuti makina azizungulira. Ndiponso si onse amene pulaniyo inawawerengera. Amene anabwera kudzafuna ntchito osaipeza, pamodzi ndi ogulitsa pa msika ndi aganyu, anadzimangira m'makomboni, ndiwo malo okhala anthu ambiri mothithikana osayezedwa bwino, monga Zambia Compound ndi Soloboni, kotero kuti kuyambira pachiyambi Kafue inali matauni awiri oyandikana.

Mzatiwo unayamba kufumbwa msanga. Mtengo wa mafuta unakwera kwambiri mu 1973, chaka chomwecho chimene malire ndi Rhodesia anatsekedwa, ndipo pofika 1975 mtengo wa mkuwa, umene unkabweretsa zoposa magawo 90 pa 100 a ndalama zakunja za Zambia, unali utagwa. Apa panaonekera chofooka chobisika cha mafakitale a ku Kafue: anamangidwa kuti dziko lisamagule katundu kunja, koma iwo eni sakanatha kuyenda popanda zitsulo zosinthira za makina, utoto wa nsalu ndi mankhwala ogulidwa kunja komweko. Ndalama zakunja zitasowa, makina ankaima kudikira kachitsulo kamodzi, ndipo fakitale inkatulutsa zochepa kuposa zimene inamangidwira pamene antchito ndi nyumba zawo zinkafunika kulipiridwa monga kale. Vuto la NCZ linali lozama kuposa apa. Kupanga amoniya kuchokera ku malasha ndi njira yodya mphamvu zambiri ndi yowononga makina, ndipo mayiko okhala ndi gasi wa pansi ankapanga feteleza yemweyo motchipa kwambiri. Boma linakulitsa fakitaleyo ndi gawo lachiwiri lomangidwa ndi kampani ya Klöckner ya ku Germany, limene linatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, n'kuwonjezerapo malo opangira asidi kuchokera ku miyala ya ku mgodi wa Nampundwe, koma kukulitsako kunafika pa nthawi imene dziko linali kale m'ngongole, ndipo mitengo ya feteleza inkaikidwa ndi boma poganizira alimi osati poganizira zimene fakitale yawononga. Pasanathe zaka zambiri Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inali ikukongoza ndalama zokonzera makina amene anali asanakalambe n'komwe.

Zaka za m'ma 1980 zinadutsa m'kukokana pakati pa boma ndi bungwe la IMF: kugulitsa ndalama zakunja pa okushoni kuyambira October 1985, kumene kunagwetsa kwacha, zipolowe za ufa za December 1986, kusiyana ndi IMF pa 1 May 1987, ndi zipolowe zina mu June 1990. Wantchito wa ku Kafue anali akadali ndi nyumba ndi ntchito, koma malipiro ake ankagula zochepa mwezi ndi mwezi.

Kugwa kwenikweni kunabwera chipani cha MMD cha Frederick Chiluba chitapambana chisankho cha October 1991. Boma latsopano linachotsa mwachangu zotchinjiriza zonse zija: misonkho ya pa chipata inatsitsidwa, mitengo inamasulidwa, thandizo la ndalama ku makampani a boma linadulidwa, ndipo lamulo la 1992 linakhazikitsa bungwe logulitsa makampaniwo kwa anthu wamba. KTZ inapezeka ikupikisana ndi nsalu zotchipa za ku Asia komanso ndi zovala za kaunjika, zimene ku Zambia amazitcha salaula, mawu a Chibemba otanthauza kusankha pa mulu. Nkhani ya salaula ili ndi mbali ziwiri zimene wolemba woona mtima sayenera kubisa imodzi mwa izo, monga momwe katswiri Karen Tranberg Hansen anasonyezera m'buku lake la mu 2000 lonena za malondawa. Mabanja osauka amene kwa zaka zambiri sankatha kugula malaya atsopano anavala bwino, ndipo amayi ambiri anapeza bizinesi pa mabelo. Koma fakitale ya makina okalamba, yobwereka ku banki pa chiwongoladzanja chokwera koopsa, sikanatha kupirira mpikisano wotere utabwera tsiku limodzi. KTZ inachepetsa antchito kangapo, inaima ndi kuyambanso, ndipo pakati pa zaka za m'ma 2000 makina anazima, antchito ake n'kutsala akudikira kwa zaka ndalama zawo zopumira pa ntchito. NCZ inalembedwa pa mndandanda wa zogulitsidwa koma wogula woyenera sanapezeke, choncho inakhala m'manja mwa boma ili pakati pa moyo ndi imfa, magawo ake opangira amoniya ndi asidi atatsekedwa, ikudalira kusakaniza feteleza wa Compound D kuchokera ku zipangizo zogulidwa kunja. Kuyambira 2002, pamene boma linayambitsa ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo kwa alimi ang'onoang'ono, moyo wa fakitaleyo unkatsata kukula kwa oda ya boma ya chaka chimenecho ndi nthawi imene boma lalipira, ndipo zionetsero za antchito ndi opuma pa ntchito ofuna malipiro awo zinakhala nkhani yobwerezabwereza m'manyuzipepala.

Kalembera wa anthu amasonyeza kuuma kwa zaka zimenezo momveka kuposa mawu: tauniyi inali ndi anthu pafupifupi 44,000 mu 1990 ndipo mu 2000 inali ndi pafupifupi 46,000 okha, m'dziko limene chiwerengero cha anthu chinkakula msanga, kutanthauza kuti ochoka ndi omwalira, pa nthawi imene Edzi inali pachimake ndipo mankhwala otalikitsa moyo anali asanafike kwa anthu wamba, anatsala pang'ono kufanana ndi obadwa ndi obwera. Chinthu chimodzi chimene chinasunga ambiri kuti asachoke ndi nyumba. Kuyambira 1996 boma la Chiluba linalamula kuti nyumba za makhonsolo ndi za makampani a boma zigulitsidwe kwa okhalamo, ndipo anthu ambiri a ku Estates anakhala eni nyumba pa nthawi yomwe ankataya ntchito. Kwa banja limodzi limodzi chimenechi chinali chipulumutso, pakuti nyumba ikhoza kubwereketsedwa, kumangidwa zipinda za lendi kuseri, kapena kutsegulidwa kantemba kutsogolo, ndiko kuti kagolosale kakang'ono ka matabwa kapena malata. Kwa tauni yonse zotsatira zake zinali zina, chifukwa mwini mmodzi amene ankasamala mipopi, ngalande ndi misewu anachoka, ndipo udindowo unagwera khonsolo imene inali itataya lendi ya nyumba ndi misonkho ya mafakitale nthawi imodzi. Mipopi ya zonyansa yomangidwira chiwerengero cha 1970 inayamba kuphulika pansi pa mabanja ochuluka kuposa amene inakonzedwera.

Mtsinje unalandira ambiri mwa ochotsedwa ntchito, koma nawonso unali utasintha. Damu la Itezhi-Tezhi, lomalizidwa mu 1977 kuti lizisungira madzi makina a magetsi a pa Kafue Gorge, linasokoneza kusefukira kwa chaka ndi chaka kumene nsomba zimadalira poswana m'madambo. Zonyansa za m'mafakitale, za m'zimbudzi za tauni ndi feteleza wokokoloka m'minda zinadyetsa namasupuni, udzu woyandama umene anthu a kuno amautcha udzu wa Kafue, ndipo m'zaka za m'ma 1990 unaphimba mtsinje pafupi ndi milatho mpaka kutsekereza mabwato ndi kuopseza makina a magetsi. Asodzi a ku Chanyanya ndi m'madooko ena anachuluka pamene nsomba zinkachepa, ndipo chiletso cha usodzi cha chaka chilichonse, kuyambira 1 December mpaka kumapeto kwa February, ngakhale n'chofunika kuti nsomba ziswane, chimagwa m'miyezi yomwe ya njala. Pa mtsinje womwewo pali malo opopera ndi kuyeretsera madzi a Iolanda, amene kwa zaka zoposa 50 akhala akutumiza madzi ku Lusaka kudzera mu mpopi waukulu, pamene mabanja ambiri a m'makomboni a Kafue, okhala poti mtsinje akuuona ndi maso, amatunga pa mipopi ya onse kapena m'zitsime zosazama zoyandikana ndi zimbudzi zokumba.

Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 2000 tauniyi inayambanso kukula, ndipo kalembera wa 2010 anapeza anthu oposa 70,000. Gawo lina la kukulako linachokera ku fakitale ya zitsulo ya Universal Mining and Chemical Industries, ya gulu la makampani a Trade Kings, imene inayamba kusungunula zitsulo zakutha ndi kupanga zitsulo zomangira nyumba chakumapeto kwa zaka khumizo, itadutsa m'mikangano ya ngati kunali koyenera kuika fakitale yotere pafupi ndi nyumba za anthu. Fakitaleyi yalemba anthu ambiri, koma mgwirizano wake ndi tauni si wofanana ndi wa NCZ ya kale: imalipira wantchito, ndipo nyumba, madzi ndi chipatala ndi nkhani ya wantchitoyo ndi boma. Dzina la Kafue lamvekanso kutali chifukwa cha timu ya Kafue Celtic, kumene Patson Daka ndi Enock Mwepu anachokera popita ku Salzburg kenaka ku ligi ya ku England, ndipo n'zomveka kuti anyamata ambiri a m'makomboni amaona bwalo la mpira ngati khomo limene makolo awo ankaliona pa chipata cha fakitale, ngakhale kuti khomo limeneli amalowapo ochepa kwambiri.

Gwero lalikulu la kukulako, komabe, ndi Lusaka. Malo ndi lendi zitakwera mumzindawo, anthu ogwira ntchito kumeneko anayamba kugula mapuloti ku Shikoswe ndi m'mbali mwa msewu wonse wodzera ku Chilanga, ndipo Kafue ikusanduka tauni yogonako, kutanthauza malo amene anthu amachoka m'mamawa pa minibasi n'kubwerako usiku, ndalama zawo zikupezedwa kwina. Izi zabweretsa ntchito kwa omanga, oumba njerwa za simenti, oyendetsa galimoto ndi eni masitolo, ndipo zakweza mtengo wa nyumba zija zimene antchito akale anagula motchipa. Zabweretsanso mikangano ya malo ndi nyumba zomangidwa misewu ndi mipopi isanafike. Katundu wodutsa naye wachuluka: mlatho wa msewu unamangidwanso mu 1993 ndi thandizo la Japan, njanji inafooka makamaka pa nthawi imene inali m'manja mwa kampani yobwereka kuyambira 2003 mpaka 2012, ndipo malole olowera ku Chirundu ndi ku Livingstone, amene amapatukana pa mphambano ya Turnpike kutsidya kwa mlatho, amadutsa pakati pa tauni usana ndi usiku, kusiyira anthu a pano malonda a m'mbali mwa msewu pamodzi ndi fumbi ndi ngozi.

Zimene zingatheke kutsogolo zikudalira kwambiri madzi ndi magetsi, zinthu ziwiri zomwe zinachititsa kuti Kafue isankhidwe poyamba. Malo atsopano opangira magetsi a Kafue Gorge Lower, a mamegawati 750, anamalizidwa mu 2023, koma chaka chotsatira chilala, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February 2024, chinaphwetsa madamu, ndipo owotcherera zitsulo, ometa tsitsi, a zigayo ndi osunga nsomba m'mafiriji ankakhala opanda magetsi maola ambiri pa tsiku, nthawi zina oposa 17. Mu February 2025 damu la zinyalala za asidi za kampani ya Sino-Metals linaphulika ku Chambishi n'kuthira poizoni mu mtsinje wa Kafue kumtunda kwake, zimene zinakumbutsa onse omwa ndi osodza kumunsi kuti ukhondo wa madzi awo umagamulidwa kutali ndi kwawo. Kumbali ina, kuyambira 2022 sukulu za boma ndi zaulere mpaka ku sekondale, ndipo m'chaka cha 2022 chomwecho thumba la chitukuko cha dera la phungu linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa chaka, ndalama zimene zimatha kumanga makalasi, kugula madesiki ndi kukumba mijigo, koma zimene sizingayale mwatsopano mipopi ya tauni yonse. NCZ inaikidwa pansi pa Industrial Development Corporation yatsopano imene inakhazikitsidwa mu 2014, ndipo pambuyo pake inapezeka ikupikisana pa oda za feteleza ndi fakitale ya United Capital Fertilizer, yomangidwa ndi anthu wamba kufupi ndi Lusaka, pa mtunda wosakwana ola limodzi kuchokera pa chipata chake.